Citsulo Cimene Cimanamiza Makina Oona M'thupi

Palibe mudzi umene anthu ake sadziwa nchito ya singano pa thupi la munthu. Mwana akalasidwa ndi munga kudambo, kapena thekenya likamlowa ku cala ca kuphazi, amai ake amatenga singano kapena phini namkhazika pabwalo pamene pali kuwala. Nchito imeneyi saicitira m'nyumba ya mdima, ndiponso sayembekeza kuti dzuwa lilowe, cifukwa wogwira singano ayenera kuona zinthu ziwiri pa nthawi imodzi: cimene akufuna kucotsa, ndi nsonga ya singano yake. Cimodzi mwa ziwirizi cikabisika, amangobaya mnofu wabwino, mwana nalira pacabe.

Madokotala a m'zipatala zazikulu nawonso ali ndi nchito yofanana ndi imeneyi, koma yao ndi yobvuta koposa, pakuti cimene akufuna cimakhala m'kati mweni-mweni mwa thupi, m'mapapo kapena m'ciwindi, kumene diso silifika. Iwo amalowetsa singano yaitali, imene kuno ku Lusaka ambiri amati nyeleti, ndipo amene amawatsogolera ndi makina ojambula m'thupi ochedwa CT. Cimene candicititsa kulemba nkhani ino ndi ici: singano yomweyo, pokhala ya citsulo, imasokoneza cithunzi ca makinawo, ndipo imacisokoneza pa malo eni-eni amene dokotala akufuna kuona. Akulu anati walira mvula walira matope. Dokotala sangacite kanthu popanda singano, koma singanoyo imabwera ndi mthunzi wake.

Wina angafunse kuti kodi nkhani yotere ikumkhudza bwanji mlimi wa ku Chadiza kapena wa ku Nyimba. Yankho lake liri m'nyumba zathu za m'makomboni. Ife okhala ku Kanyama, ku Matero, ku Chawama, ku George ndi ku Mtendere timadziwa kuti pa mphasa zathu ndi pamene amagona odwala ocokera kumudzi. Munthu akatumizidwa ku University Teaching Hospital, kapena ku Cancer Diseases Hospital, cipatala ca matenda a khansa cimene cinatsegulidwa m'caka ca 2007, amakwera basi, naoloka mlatho wa Luangwa, nafikira kwa mbale wake m'komboni. Ambiri amafika ali ndi mantha, ena amabwerera kwao asanaonedwe n'komwe cifukwa ca zimene amva zokhudza makina ndi singano. Ndaganiza kuti ndi bwino ndifotokoze zimene ndinaona ndi kuphunzira pamene matenda anagwa m'banja mwathu.

MTHUNZI PA PHAPO

Akulu anga, amene ine ndinawapondera pamutu, akhala akuocherera zitsulo ku Kalingalinga kwa zaka zambiri. Amene anadutsapo pa mseu wa Alick Nkhata anaona mageti, mafelemu a zitseko ndi a mazenera atandandalikidwa m'mphepete mwa mseu. Ina mwa nchito imeneyo ndi ya manja ao. Anayamba kutsokomola, thupi nayamba kucepa, ndipo tonse tinaganiza za cifuwa cacikulu ca TB, pakuti ndico cimene timacidziwa m'makomboni muno. Ku kiliniki anapima makhololo kawiri konse koma tizirombo ta TB sitinapezeke. Cithunzi ca X-ray cinaonetsa kamthunzi kumtunda kwa phapo la kumanja, ndipo anatumizidwa ku cipatala cacikulu.

Mbiri itafika kumudzi inasanduka nkhani ina. Panali mkangano wakale wa munda pakati pa akulu angawo ndi azakhali athu, ndipo anthu sanacedwe kulumikiza ziwirizi. Ena anati munthu amene makina alephera kumpeza ndi matenda ndiye kuti walodzedwa. Azakhali, nkhalamba yosowa ndi mano omwe, anayamba kupatukiridwa pa njira ya kucitsime. Mbuzi ziwiri zinali zitagulitsidwa kale kuti akaombeze. Apa ndi pamene ndinaona kuti kusadziwa dzina la matenda kumadwalitsa mudzi wonse.

Dokotala wa pa cipatala cacikulu anatiuza mosabisa kuti cithunzi cokha sicinganene kuti cotupaco ndi ciani. Mthunzi wotere ungakhale TB yobisala, ungakhale cipsera ca matenda akale, ungakhalenso khansa. Njira yodziwira inali yotenga kanyama kakang'ono pa cotupa ceni-cenico ndi kukakapima ndi magalasi okuza zinthu. Mlamu wanga, pakati pa nkhawa zonsezo, anaseka nati, "Inu a ku Kanyama, lero kanyama kakutsatani mpaka kucipatala." Cotupaco cinali cacing'ono ngati nsawawa ziwiri, ndipo cinali pansi pa nthiti, pafupi ndi mitsempha ya magazi. Singano inayenera kufika pamenepo, osapitirira, osaperewera.

MAKINA A MBONI ZAMBIRI

Kuti timvetse bvuto la citsulo, tiyambe taona m'mene makinawa amaonera. Cheza ca X-ray cinatulukiridwa ndi Wilhelm Röntgen wa ku Germany m'caka ca 1895. Cheza cimeneci cimapyola mnofu mosabvuta, cimapyola fupa mobvutikira, koma pa citsulo cimatsala pang'ono kulephereratu. Cimodzi mwa zithunzi zoyamba zimene mkuluyu anajambula cinali ca dzanja la mkazi wake, ndipo mphete ya pa cala inaoneka bii kuposa mafupa. Tingati citsulo cinayamba kudzionetsa pa zithunzi zimenezi kuyambira pa ciyambi pomwe.

Cithunzi ca X-ray wamba ciri ngati mthunzi wa munthu pa khoma: za kutsogolo ndi za kumbuyo zimasanjikizana. Makina a CT anabwera kudzathetsa bvuto limeneli. Ena mwa masamu ake anaganiziridwa kuno kum'mwera kwa Africa ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg m'caka ca 1924, pamene anali kuthandiza pa cipatala ca Groote Schuur ku Cape Town m'caka ca 1956. Zimene anapeza anazifalitsa m'zaka za 1963 ndi 1964. Makina eni-eni anawapanga Godfrey Hounsfield wa ku England, ndipo wodwala woyamba anajambulidwa pa cipatala ca Atkinson Morley ku London m'caka ca 1971. Anthu awiriwa analandira mphoto ya Nobel m'caka ca 1979. Pasanapite zaka zambiri makinawa atapangidwa, m'caka ca 1976, madokotala awiri a ku Cleveland ku America, John Haaga ndi Ralph Alfidi, analemba za kutsogolera singano ndi zithunzi za CT.

Makinawa amaoneka ngati nkhata yaikulu yoimikidwa, ndipo wodwala amagona pa kabedi kamene kamalowa pa cibowo ca pakati. M'kati mwa nkhatayo muli cotulutsa cheza mbali ina, ndi zolandira cheza mbali inayo, ndipo zonsezi zimazungulira wodwala mwa liwiro, kamodzi pa nthawi yosakwana sekondi imodzi. Pozungulirapo makina amayeza, kucokera ku mbali mazana-mazana, kucuruka kwa cheza cimene capyola thupi. Kenaka kompyuta imasonkhanitsa miyezo yonseyi nijambula thupi ngati laduliwa zidutswa zopyapyala, monga m'mene mai amadulira cinangwa cokaanika.

Ine ndimaziyerekeza ndi bwalo la milandu kwa mfumu. Mbali iri yonse imene cheza cadzera iri ngati mboni imene yaona nkhani ili pa malo ake. Mboni imodzi singanene zonse, koma mfumu ikamva mboni mazana ambiri, iri yonse ikunena zoona, imadziwa bwino cimene cinacitika ndi pamene cinacitikira. Motero kompyuta imapatsa kacigawo kali konse ka thupi nambala yake, pa muyezo umene unapatsidwa dzina la Hounsfield: madzi ndi 0, mpweya ndi 1,000 kunsi kwa 0, fupa lolimba limafika 1,000 ndi kupitirira, pamene citsulo cimakwera kufika zikwi zingapo.

M'MENE CITSULO CIMANAMIZIRA

Bwalo limeneli limayenda bwino mboni zonse zikamanena zoona. Citsulo cimaononga umboni m'njira zingapo. Yoyamba ndi yakuti cimameza cheza cambiri kotero kuti zolandira za kuseri kwake sizilandira pafupi-fupi kanthu. Mboni zimene zinayang'ana kudzera pa citsulo zimafika pabwalo ziribe conena, koma kompyuta imaziwerengerabe. Yaciwiri ndi yakuti cheza cimene makina amatulutsa si ca mphamvu imodzi: muli cofooka ndi camphamvu. Citsulo cimagwira nchito ngati sefa, cimatsekereza cofooka conse, n'kutsala camphamvu cokha. Cheza cotsalaco cimapyola mnofu wa kutsogolo mosabvuta kuposa m'mene kompyuta inali kuyembekezera, ndipo kompyuta imaganiza kuti pamenepo palibe mnofu weni-weni, nijambulapo mdima. Yacitatu ndi yakuti cheza cina cikagunda citsulo cimanjanja n'kukagwera pa malo amene si ake.

Zotsatira zake ndi mizere yoyera ndi yakuda yotuluka pa citsulo paja ngati cheza ca dzuwa pa denga la malata atsopano masana. Mizere imeneyi mulibe m'thupi, ndi bodza la pa cithunzi cabe, koma imaphimba zinthu zoona zimene ziri pansi pake.

Pa nkhani ya singano bodzali limafika poipa. Kuti dokotala aione singano yonse, amailowetsa motsata cidutswa cimene makina akujambula. Tsono cheza cimene cikudzera m'litali mwa singanoyo cimayenda m'citsulo mtunda wautali, kucokera ku cigwiriro mpaka ku nsonga, ndipo cimathera momwemo. Pa cithunzi pamaoneka mzere wakuda wocokera pa nsonga kulunjika kutsogolo, kumene singano ikupita, kumenenso kuli cotupa. Cotupa cikakhala cacikulu ngati lalanje palibe cobvuta. Koma cikakhala ngati nsawawa, mthunziwo ungathe kucibisa conse pa nthawi imene singano yayandikira. Cinanso n'cakuti madokotala ozolowera amagwiritsa nchito mzere wakudawo ngati cizindikiro: ukaoneka, amadziwa kuti cimene akuona ndi nsonga yeni-yeni, osati pakati pa singano. Conco nzeru yao iri pa kucepetsa mthunziwo ndi kudziwa kuuwerenga.

TSIKU LA SINGANO

Tinanyamuka m'bandakuca. Akulu anga anali asanadye kanthu monga anauzidwira, ndipo magazi ao anali atapimidwa kale kuti aone ngati amaundana bwino. Mnyamata woyendetsa makina anawalandira mwaulemu nafunsa kuti, "Atate, kodi muli ndi citsulo ciri conse pathupi kapena m'kati mwa thupi?"

Iwo anayankha kuti, "Mwana wanga, ine moyo wanga wonse ndi citsulo."

Anabvula lamba, natulutsa makiyi ndi ndalama za siliva m'thumba. Pobvula malaya panapezeka kathumba kakang'ono komangirira ndi phini ku vesiti, kamene mlamu wanga anawabveka usiku atalandira kucokera kumudzi. Mlamu anagwetsa nkhope ndi manyazi. Anamwino sanaseke, sanakalipenso. Anangoti, "Amai, sungani kuno, mudzawabwezera tikamaliza. Phiniyi ingatibisire pamene tikufuna kuona." Ulemu umene anaonetsa mai ameneyu sindidzauiwala.

Koma panali citsulo cina cosabvulika. Zaka zapitazo akulu anga anathyoka fupa la paphewa pa ngozi ya minibasi, ndipo madokotala analilumikiza ndi kacitsulo ndi misomali yake. Kacitsuloko kanali mbali yomweyo ya cotupa, kumtunda pang'ono. Iwo anali atakachula kale pa tsiku loyamba, ndipo dokotala anali atakonzekera. Anawagoneka cafufumimba, manja atatambasulira kumutu, kuti alowere kumsana, kutali ndi citsulo ca paphewa, ndiponso kuti phewalo lisunthire kumtunda, licoke pa cidutswa cofunika kujambula.

Ife acibale tinatsala panja, pakuti m'cipinda ca cheza salowamo anthu wamba. Zimene zinacitika m'katimo anandiuza ndi akulu anga, ndipo zina anandifotokozera dokotala pambuyo pake, ataona kuti ndine mphunzitsi wopuma wokonda kufunsa. Anayamba ajambula, naika cizindikiro pa khungu, nabaya mankhwala ocititsa dzanzi. Kenaka analowetsa singano pang'ono, najambula, nailowetsanso pang'ono, najambulanso. Nthawi iri yonse mau anali amodzi-modzi: "Atate, gwirani mpweya. Musagwedezeke. Pumani tsopano." Pomaliza anamva kulira kwa kanthu ngati msampha wa mbewa ukafwamphuka, kawiri kapena katatu. Kumeneko kunali kudula kwa tinyama, tating'ono ngati ulusi, totalika ngati cikhadabo.

ZIMENE MADOKOTALA AMACITA

Dokotala uja ananditembenuzira kompyuta nandionetsa zithunzi ziwiri za malo amodzi. Pa coyamba panali singano yoyera mbee, ndi mzere wakuda wocokera ku nsonga yake wodutsa pakati pa cotupa. Pa caciwiri mzerewo unali utazirala, m'mphepete mwa cotupa mukuoneka. Ndinafunsa cimene cinasintha.

Coyamba, anatero, ndi kucepetsa citsulo ceni-ceni. Singano za nchito imeneyi ndi zopyapyala, zambiri kunenepa kwake sikupitirira kweni-kweni milimita imodzi, ndipo zimakhala ziwiri m'imodzi: ya kunja ya mphako ngati bango, ndi ya m'kati yolimba imene imatsegula njira. Akayandikira cotupa, dokotala angathe kusolola ya m'katiyo asanajambule. Yotsalayo, pokhala ya mphako, imameza cheza cocepa, mthunzi nucepa. Ya kunja ija imakhalabe pa malo pake ngati njira, kotero kuti tinyama tonse timatengedwa popanda kubaya phapo kambiri-mbiri. Mtundu wa citsulo nawonso uli ndi mbali yake: citsulo copepuka cochedwa titanium sicisokoneza cithunzi kwambiri ngati zitsulo zolemera.

Caciwiri ndi kusankha njira ndi kagonekedwe ka wodwala, monga anacitira ndi akulu anga. Makina ena amathanso kupendeketsa nkhata yao pang'ono kuti cheza cilambalale citsulo.

Cacitatu ndi kuonjezera mphamvu ya cheza. Nthawi zambiri makina amagwira nchito pa mphamvu ya makilovoti 120, koma angathe kukwezedwa kufika 140 kuti cheza cambiri cipyole citsulo. Apa dokotala amayeza zinthu ziwiri, cifukwa cheza cikacuruka pa thupi la munthu si cabwino. Amakweza pokha-pokha pamene phindu lake likuoneka, ndipo amajambula kadera kakang'ono kokha kamene kali ndi singano.

Cacinai ndi nzeru zoikidwa m'kompyuta. Tibwerere ku bwalo lija la mfumu. Kompyuta imayamba yapeza pamene pali citsulo, kenaka imazindikira mboni zonse zimene zinayang'ana kudzera pamenepo, niika pambali umboni wao. Pa malo otsala opanda umboni imayerekeza potsata zimene zanena mboni zoyandikana nazo, monga m'mene woluka amatsekera cibowo ca mphasa potsata maluko a m'mbali. Njira imeneyi inafotokozedwa ndi Willi Kalender ndi anzake ku Germany m'caka ca 1987, ndipo yakhala ikukonzedwa kufikira lero. Makampani opanga makina ali ndi maina ao a nzeru zimenezi: a Siemens amati iMAR, a Philips amati O-MAR, a Canon amati SEMAR. Palinso makina ena amene amajambula ndi cheza ca mphamvu ziwiri zosiyana, kompyuta niwerengera cithunzi cimene cikanaoneka cheza cikanakhala camphamvu cokha-cokha.

Dokotala anandicenjeza kuti kuyerekeza si kuona. Kompyuta ikamatseka cibowo ingathe kuika pa cithunzi kanthu kamene kulibe, kapena kufafaniza kanthu kamene kalipo, ngakhale kusintha maonekedwe a nsonga ya singano. Cifukwa cake dokotala wanzeru amayang'ana zithunzi zonse ziwiri, cokonzedwa ndi cosakonzedwa, asanasunthe dzanja lake. Si makina onse amene ali ndi nzeru zatsopanozi, koma kusolola singano ya m'kati, kugoneka bwino wodwala ndi kusankha njira yabwino zimatheka pa makina ali onse.

MBALI YA WODWALA

Pa zonse zimene ndinamva, cimene cinandikhudza kwambiri n'cakuti wodwala naye ali ndi gawo pa nchito imeneyi, ndipo gawolo silifuna ndalama kapena sukulu.

Munthu akaitanidwa ku makina a CT abvale zobvala zosabvuta kubvula, zopanda zipi ndi mabatani a citsulo. Ndolo, maunyolo a m'khosi, mapini a m'tsitsi, kamisolo wa mawaya, makiyi ndi ndalama, zonsezi zicotsedwe ngati ziri pafupi ndi malo ojambulidwa. Amai amene ali ndi mikanda m'ciuno auze anamwino, pakuti nayonso imaoneka pa cithunzi ca pamimba. Amene wabvala cithumwa asacibise pansi pa zobvala. Kucipatala sakufunsa kuti aweruze cikhulupiriro ca munthu, akufuna cithunzi coyera basi.

Citsulo ca m'kati mwa thupi cichulidwe msanga: zolumikizira mafupa, cipolopolo kapena kacidutswa ka citsulo kamene kanatsalira, mano oikidwa citsulo, kacipangizo kothandiza mtima, ngakhale lupu ya kulera. Ena amabisa poopa kuti makina adzakoka citsuloco kapena kucitenthetsa. Makina a CT alibe maginito ndipo sakoka citsulo. Amene ali ndi maginito amphamvu ndi makina ena ochedwa MRI, ndipo kumeneko kubisa citsulo kungadzetse ngozi yeni-yeni. Conco kuli konse kumene mwatumizidwa, nenani zoona. Mai amene ali ndi pakati, kapena akukayikira, anene asanagone pa kabedi. Amene amamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin kapena aspirin anenenso masiku asanakwane.

Cotsiriza ndi kudekha. Phapo limayenda munthu akamapuma, ndipo cotupa cimayenda nalo. Wodwala akagwedezeka, kapena akakoka mpweya wambiri ulendo uno, wocepa ulendo winawo, cotupa cimasuntha pa malo amene dokotala anayeza, mizere ya bodza ija nionjezeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akulu anga anati kugona duu kwa theka la ola kunawabvuta kuposa kubaya kweni-kweniko, koma anakumbukira m'mene iwo amakalipira mnyamata wogwirizira citsulo akagwedeza dzanja pamene akuocherera.

Sindinganene kuti nchito imeneyi iribe zoopsa. Singano ikaboola phapo, nthawi zina mpweya umathawira pakati pa phapo ndi nthiti, ndipo ena amalabvula timagazi pang'ono. N'cifukwa cake wodwala amasungidwa maola angapo ndi kujambulidwanso asanapite kunyumba. Kawiri-kawiri mpweyawo umatha wokha, koma ukacuruka amaucotsa ndi kapaipi. Amene wabwerera kunyumba n'kuyamba kubanika kapena kumva kupweteka kwambiri m'cifuwa abwerere kucipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Za mphekesera yakuti singano imamwaza khansa m'thupi lonse, madokotala amanena kuti kutsalira kwa matenda m'njira ya singano kumacitika mwa apo ndi apo kwambiri, ndipo ngozi yaikulu koposa ndiyo kukhala ndi cotupa cosadziwika dzina cikukula mwakacete-cete.

DZINA LA MATENDA

Patapita masabata angapo tinaitanidwa. Tinyama tija tinaonetsa kuti ndi khansa ya m'mapapo. Mau amenewa ndi olemera, ndipo tinabwerera ku Kalingalinga osalankhulana m'minibasi monse. Koma dokotala anati popeza cotupa cinali cikali cacing'ono, panali zoti n'kucita, ndipo tsopano anadziwa mtundu wake ndi mankhwala oyenera. Anafunsa za fodya, amene akulu anga anasuta kuyambira unyamata wao. Anafunsanso za utsi wa kuocherera, umene bungwe loona za khansa la pansi pa World Health Organization linauika m'caka ca 2017 m'gulu la zinthu zodzetsa khansa. Anyamata amene mukuphunzira nchito imeneyi m'makomboni ndi m'maboma a kumudzi, ocherani pa malo opita mphepo, ndipo tetezani mphuno monga mumatetezera maso.

Ndinalemba kalata yopita kwa a nyakwawa ndi kwa akulu-akulu a banja, kufotokoza zonse monga ndafotokozera pano, ndipo inawerengedwa pamaso pa onse. Sindikunena kuti mitima yonse inatembenuka tsiku lomwelo, pakuti mau oipa akatuluka sabwerera msanga. Koma mbuzi zotsala sizinagulitsidwe, ndipo ndalama zimene zikanapita koombeza zinathandiza pa maulendo a kucipatala. Mwezi wotsatira kunabwera munthu wa kwathu ndi basi ya ku Chipata atanyamula kathumba ka nsawawa ndi nkhuku yomanga miyendo. Anati zacokera kwa azakhali, ndi mau akuti mwana wa mlongo wao adye apeze mphamvu. Akulu anga akulandirabe cithandizo, ndipo masiku amene thupi lawalola amakhala pa mpando pa malo ao a nchito, kulangiza anyamata.

Inu abale a kumudzi, mukamva kuti mbale wanu waitanidwa ku Lusaka kuti akamtenge kanyama ndi singano, musamletse ndipo musamuopseze. Mthandizeni ndalama ya basi, mpatseni munthu womperekeza, ndipo mkumbutseni kunyamula makalata onse a ku kiliniki pamodzi ndi zithunzi zakale. Akafika, anene za citsulo ciri conse cimene ali naco, cooneka ndi cobisika, ndipo akauzidwa kugwira mpweya agwire. Ife a m'makomboni mphasa tiri nazo, tidzamlandira.